Sari Panjinga ya Bambo

Fungo la mafuta a kokonati likandipeza, ndimabwerera pa Ngabu, ndili kamtsikana. Mkazi wa Mmwenye wasitolo ankadzola mafutawo kumutu. Anali wokwatiwa kumene, ndipo apongozi ake aakazi sankamulola kupitirira pakhonde. Tsiku lina masana, apongoziwo atagona, anazemba n'kudzapempha mayi anga kuti amuphunzitse njinga ya bambo anga.

"Nsalu yanuyi ikodwa m'tcheni," anatero mayi, akumumanga chitenje pamwamba pa sari, nsalu yaitali yomwe amavala akazi Achimwenye.

Ine ndinagwira kaliyala, ndikuthamanga m'fumbi kuseri kwa msika wa thonje. Nditataya, sanagwe. Anangolunjika kusitolo, kumene apongozi aja anali atadzuka, ali chilili pakhonde.

"Mabuleki!" anakuwa mayi.

Iye anangowalizira belu apongoziwo, akuseka, n'kudutsa.