Foni Yopanda Mwini pa Kabokosi Kanga

Chaka chimene madzi a Ruo anatenganso chimanga chathu, ndinauza amuna anga a Zuze kuti ndikupita ku Joni. Achemwali a mnzanga anali atandipezera ntchito yosamalira agogo ena achizungu. A Zuze anali pakhonde akusoka ukonde. Sanakane, komanso sanafunse kuti ndidzabwera liti. Anangoti, "Mwanayu amayi amulera." Tsiku limenelo ndinkati ndi mwamuna womvetsa. Lero ndimaona kuti anavomera msanga kwambiri.

Malita ndinamusiya ali ndi zaka zitatu, m'manja mwa apongozi anga ku Chiromo. Ku Joni ntchito sinali yopha, koma Lamlungu linkatalika. Ndinkachapa zovala zoyera kale kuti tsiku lithe. Kuyimba kumudzi ndi mayunitsi kunkadula, ndiye Mayi Nyakhuwa, mayi wa ku Bangula amene ankagulitsa mafoni pafupi ndi depoti, anandilangiza kugula kabokosi ka intaneti kamene amati rauta. Mumalowetsamo simu khadi, n'kukalumikiza ku batire ya sola, basi foni iliyonse yodziwa pasiwedi imayimba kudzera m'menemo, nkhope n'kumaonana. Ndinakapatsira dalaivala wa basi, pamodzi ndi foni ya a Zuze ndi kapepala ka pasiwedi.

Mwezi woyamba zinkayenda bwino. Malita ankapsompsona foni mpaka galasi kunyowa. Kenako mawu anayamba kudukaduka, nkhope ya mwana n'kumauma pakamwa pali yasa. Ndinapita kwa Mayi Nyakhuwa.

"Auze achotse kabokosiko pafupi ndi malata," anatero. "Kutentha kwa kwathu kuja kumakazimitsa. Akaike pawindo loyang'ana ku Bangula, kumene kuli chitsulo cha netiweki. Kakavutabe, azimitse, awerenge mpaka khumi, ayatsenso."

A Zuze anati zonsezo achita. "Netiweki nkhabe kuno, kulibiretu, amake Malita. Za vidiyozi tizisiye, zimadya data."

Data ya mwezi wathunthu inkathadi sabata yachiwiri isanakwane. Ndikayimba, ndinkamva akazi akuseka chapatali. Tsiku lina Malita anandiuza kuti anti Joana amuluka tsitsi. Nditafunsa, a Zuze anati Joana ndi mwana wa achemwali a apongozi, wa ku Mozambiki, wabwera kudzathandiza kulera mwana. "Ndi kamtsikana kosauka, ngakhale foni kalibe." Ine za foni sindinafunse. Ndinangozisunga.

Ndinaimbira mnzanga woyandikana naye nyumba, amake Fombe. Anandiuza za mtengo wa mlamba, za maliro a ku Makhanga, za ng'ona imene inagwira mbuzi. Za pakhomo panga anangoti, "Onse ali bwino, pyadidi basi."

Ndisananyamuke kubwerera, patatha zaka ziwiri, Mayi Nyakhuwa anandikhazika kuseri kwa kauntala. Anandionetsa momwe munthu amatsegulira tsamba la m'kabokosi, pomwe pamaoneka mafoni onse amene alumikizidwa, ndi momwe amasinthira pasiwedi. Sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma ndinalemba zonse m'kope, chimodzichimodzi. Anati, "Mawu akamaduka pomwe kabokosi kali pamalo abwino, ndiye kuti akumwapo ndi ambiri. Kawerenge wekha."

Ndinafika mu Okutobala, dzuwa likuwotcha mpaka m'mapazi. Malita anabisala kumbuyo kwa mtsikana wina wamtali, wa mimba yongoyamba kuoneka. Ameneyo ndiye anali Joana. Anandigwadira, anandilandira chikwama, koma m'maso sanandiyang'ane. Apongozi anati mwamuna wake ali ku tsidya, ku Mozambiki. Joanayo ankagona m'kanyumba ka kuseri kwa khitchini.

Kabokosi ndinakapeza pawindo lomwe lija, koyera, magetsi onse akuwala. Pamenepo a Zuze sananame. Koma madzulo ndinaona akazi asanu atakhala pansi pa msawu wathu, aliyense foni ili kukhutu. Amuna awo ali ku Joni, ena ku Beira. A Zuze anali atawapatsa pasiwedi onsewo. Mtima unayamba kukhala pansi. Kwathu kuno mnzako akabwera kudzapala moto sumukaniza, ndiye ndinati mwina kuseka ndinkamva kuja kunali kumeneku.

Komabe m'mawa mwake ndinatsegula kope. A Zuze anali atapita kudambo, foni yawo atatenga. Pansi pa msawu panalibe munthu. Pa tsamba lija panaoneka mafoni awiri. Ina inali yanga.

Ndinayenda ndi foni m'manja kuti ndione pamene kabokosi kamalekezera. Pa msawu kankafika. Pa khola la mbuzi kankatha. Kwa amake Fombe sikankafika n'komwe. Kanyumba ka kuseri kwa khitchini kanali mkati. Ndinachita zimenezi masiku atatu, ndipo foni yopanda mwini ija inkapezekapo nthawi zonse Joana akalowa kukapuma.

Tsiku lachinayi ndinasintha pasiwedi osauza munthu. Madzulo pansi pa msawu panali chipwirikiti. Ena ankagwedeza mafoni, ena kuwakweza m'mwamba. Amake Fombe ndi amene analimba mtima, anandipeza ndikusenda mbatata.

"Mayi, kabokosi kadwala kodi? Bambo a Fombe amayimba lero."

"Sikanadwale. Ndasintha pasiwedi."

"Ndiye tipatseni, takhuta," anatero, kuthokozeratu m'Chisena.

"Ndikupatsani, amake Fombe. Koma pali foni ina imene ikumwa pano, mwini wake sindikumudziwa. Ndikamudziwa, nonse muyimba."

Anakhala pansi. Anatola khoko la mbatata n'kumalitembenuza. Foni yawo anaiyang'ana kawiri.

"Inu mukadakhala ife mukadatani?" anatero motsitsa mawu. "Amene amatipatsa intaneti anali a Zuze. Munthu ungamunenere mwini chitsime uli ndi ludzu? Foniyo ndi ya Joana, anamugulira ndi iwo. Joana si mbale wawo ayi. Mbale ya chifunsiro anakaperekanso kwa makolo ake ku Marka chaka chatha, apongozi anu ndi amene anatsogolera."

Ndinawalembera pasiwedi pa chikhatho. Akazi enawo ndinawapatsanso, mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankawonjezera kake popanda ine kufunsa. Wina anatchula mwezi, wina anatchula amene ananyamula nkhuku. Zaka ziwiri ndinkaimbira anthu amenewa, onse akudziwa, onse akundiuza za mtengo wa nsomba. Sindinawakwiyire kwambiri. Nanga ine sindikudziwa ludzu lofuna kumva mawu a munthu ali kutali?

A Zuze anabwera dzuwa lisanalowe, akununkha dambo. Anayesa foni yawo kangapo, kenako anaima pakhomo.

"Amake Malita, chavuta n'chiyani kabokosika?"

"Palibe. Kakugwira bwino kuposa kale."

"Ndiye pasiwedi?"

"Mufuna ya foni imodzi kapena ya mafoni awiri?"

Apongozi, amene ankapeta mapira, anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba.

Ndinakhala pa mkeka pansi pa windo, ndinamukoka Malita n'kumukhazika pamiyendo. Anauma thupi pang'ono, koma sanathawe. Ndinaimbira amalume anga ku Makhuwira, amene ndi ankhoswe a ukwati wathu, ndipo ndinayatsa vidiyo kuti awaone a Zuze ataima pamenepo. Ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, mosathamanga. Amalume anamva liwu lililonse. Anati Loweruka abwera ndi basi yoyamba, ndipo ndilongedzeretu zovala za mwana.