Nangula wa Che Saidi ndi msonkho wa zitsulo

Lachiwiri Che Saidi, msodzi wa utaka ku Mbenji, adafika pashedi yanga yowotcherera zitsulo atasenza nangula. Adamuponya pamapazi panga. Ngowe ziwiri zinali zitathyoka.

"Amisiri, tidalakwirana chiyani?" adatero. "Mwera utangowomba, boti lidayamba ulendo lokha, ana a eni ali momwemo. Wallahi, tikadakatsikira kumapeto kwa nyanja!"

Ndidayang'ana. Pomwe ndidawotcherera panali pabwinobwino. Chidathyoka ndi chitsulo chenichenicho. Ndidatenga chotsala cha mtolo womwe ndidapangira nangulayo, ndikuchimanga pavaisi yopanira zitsulo, ndikupinda. Thyo! Ngati chinangwa chouma.

Nkhani yake ndi iyi. Kale ndinkagula chitsulo chochokera kunja. Boma lidakweza msonkho pamalire kuti mafakitale athu a zitsulo akule. Chakunja chidakwera mtengo, msodzi sangachifike. Chakuno nachonso chidakwera. Chilekerenji, poti wopikisana naye wamangidwa miyendo? Chomwe sichidakwere ndi kulimba.

Nditakadandaula kusitolo, wogulitsa adandiseka. "Gulani zakwathu, bambo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Ndidati, "Nangula si mayi anga."

Musandimve molakwa. Fakitale sindidana nayo. Muli ana athu mmenemo, akudyetsa mabanja. Dziko lomangogula osapanga kanthu ndi dziko la alendo.

Koma nanga ife ndife ndani? Wokhoma ngolo ku Chitala, wokonza maboti ku Chipoka, ine wopanga mafelemu a mazenera a maloji ku Senga Bay. Nafenso ndife mafakitale a dziko lino, kungoti tilibe mpanda ndi mlonda. Inu a boma, mwateteza wosungunula chitsulo. Wochipinda mwamusiyira yani?

Kutseka timakudziwa kuno. Mvula ikayamba, Mbenji amatsekedwa. Palibe woponya khoka, palibe wogona pachilumba. Asodzi zimawawawa, koma amapirira. Chifukwa chiyani? Tsiku lotsegula limadziwika. Ndipo akabwerera, nsomba zimaoneka ndi maso kuti zakula.

Msonkhowu ukhale choncho. Fakitale iuzidwe kuti takutsekerani malire mpaka nthawi yakutiyakuti, kulani. Chitsulo chiziyesedwa chisanatuluke pageti. Ikalephera, tsegulani. Mwana wokhalira kumbuyo saphunzira kuyenda, ndipo msana womwe ukupweteka ndi wathu.

Che Saidi ndawapangira nangula wina, wa ekiselo, chitsulo chogwira mawilo a ngolo yakufa. Ndidavutika kuipeza. Zitsulo zakutha nazonso malole akusesa m'midzimu kupita nazo kufakitale komweko.

Amisiri anzanga tapangana. Mtolo uliwonse tiziyamba taupinda pakhomo pa sitolo, anthu akuona. Cholimba tigula, ndipo tidzachitama poyera kuti nchakwathu. Chothyoka tizichisiya pomwepo. Ngowe za Che Saidi ndasunga. Ndikazitula ndekha patebulo la phungu wathu, azigwire ndi manja ake.

Atabwera kudzamutenga, Che Saidi adamugogoda nangulayo ndi mwala, akundiyang'ana cham'mbali.

"Nanga uyu akathyoka, amisiri?"

"Mudzamange ine pachingwe, mundiponye m'madzi."

"Inu? Mungayandame ndi mimbayo," adatero, ndikusenza katundu wawo.

Loweruka akubwerera ku Mbenji ndi ana a eni aja. Nangulayo agwira, ndikudziwa. Koma ngolo zakufa zidzatha.

Inu amene mudatseka malire, ku Mbenji tsiku lotsegula timalidziwa. Lanu ndi liti?