Kompyuta ya Wailesi Siitembenuka

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, anatuluka pachipatala osatsanzika aliyense. Inu amene mukuti munalakwitsa zosakonzeka, takhalani pansi mumve za mtsikanayu.

Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi amalume ake. Ntchito yake inali yolandira odwala ndi kutumiza mabilu awo ku kampani ya inshuwalansi pa kompyuta. Kuti kampaniyo ilipire, pa bilu pamalembedwa matenda a munthu. Lamulo lake ndi loti zimenezo asaone wachibale kapena mnzake, ngakhale mwamuna wa wodwalayo.

Ndiye kunabwera bambo wina wa tayi, wolankhula mwaulemu. "Mwana wanga, inshuwalansi ndi yanga, mkazinso ndi wanga. Ndingoona zomwe alemba."

Poopa kukaniza munthu wamkulu, mtsikanayo anatembenuza kompyuta kuti bamboyo awerenge yekha. Mumtima ankati poti sanatsegule pakamwa, sanaulule kanthu. Kalanga ine!

Mawa lake mkazi wa bamboyo anafika diso lili chotupa, chikwama cha zovala chili m'manja. Sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Ndinakulakwira chiyani, mwanawe?"

Ntchito inathera pomwepo. Anthu, mukudziwa pakamwa pawo, anamupatsa dzina loti Wailesi. Kulikonse kumene ankakapempha ntchito, dzinalo linkayamba kufika ndilo.

Anayamba kugulitsa nthochi pageti la kachipatala kena ka zipinda zochepa. Nesi wamkulu, yemwe anali mwini wake, anamuitana kuti azikolopa. Kalaliki wa pamenepo atasiya ntchito, Wailesi analimba mtima n'kupempha mpandowo, ndipo mbiri yake anaifotokoza yekha, osabisa.

Nesiyo anayankha kuti, "Amene anapsapo ndiye amadziwa moto. Khala. Koma ukabwereza, chipatala chino achitseka, tonse tikagulitsa nthochi."

Musaganize kuti zinayenda myaa. Mabilu ankabwerera chifukwa wasokoneza nambala ya matenda, iye n'kuyambiranso. Asanadine batani lotumizira, ankabwereza kuwerenga zonse, kuopa kuti bilu ya munthu ipita kolakwika. Tebulo analikankhira kukona kuti kumbuyo kwake kukhale khoma. Akadzuka, ngakhale kukangomwa madzi, ankatseka kompyuta ndi mawu achinsinsi. Anzake ankamuseka kuti akulondera banki.

Kenako zimene ankaziopa zinamupeza. Akazi a amalume ake anabwera mwakachetechete kudzaonana ndi nesi. Inshuwalansi inali ya kuntchito kwa amalume, choncho foni yawo inalandira uthenga woti bilu ya akazi awo yalipiridwa. Matenda sanatchulidwe.

Amalume analowa osagogoda, odwala ali ndandanda pabenchi.

"Tembenuza chimenecho ndione."

Wailesi anawayang'ana. Awa ndi amene anamuphunzitsa sukulu. Denga limene ankagonamo linali lawo, ndipo kwina kopita analibe. Koma m'maso mwake munabwera diso lotupa lija. Chala chikunjenjemera, anadina batani, galasi la kompyuta n'kuchita bii.

"Amalume, munandilera, sindikana. Koma ichi sinditembenuza. Akafuna, akuuzani okha."

"Eti? Wakula? Ndiye lero ukagona pa kompyuta yakoyo."

Sankaopseza chabe. Ataweruka, anapeza zovala zake zili pakhonde, chitseko chokhoma. Nesi anamupatsa kachipinda kosungiramo makatoni a mankhwala, ndipo anakhala mmenemo akulira, akudzifunsa ngati sanataye mtundu wake wonse chifukwa cha batani.

Patapita nthawi, akazi a amalume aja anauza amuna awo okha, mtima utakhala pansi, ndipo anayamba kubwerera limodzi kuchipatala. Mukufuna kudziwa ankadwala chiyani? Inenso ndinafunsa. Wailesi anangondiseka.

Mbiri inayendanso, ulendo uno yabwino. Azimayi ankadumpha zipatala zazikulu kudzakhala pabenchi yake, akumati wailesi ija inatha mabatire. Lero ndiye amene amaphunzitsa makalaliki a tizipatala tina kutumiza mabilu, ndipo phunziro lake loyamba ndi kokankhira tebulo.

Tsiku lina amalume anabwera okha, chipewa chili m'manja. Atatuluka kwa nesi anawerama patebulo paja, mawu ali otsika.

"Mwana wanga, zanga izi... akazi anga asadziwe kaye."

"Musaope, amalume. Kompyuta iyi siitembenuka."

Bambo wamkuluyo anapukuta m'maso. "Chipinda chako sitinaikemo munthu."

Inu amene munagwa anthu akuona, mpaka kukupatsani dzina, kuphunthwa si kuthyoka mwendo. Chimene chinakugwetsanicho chidzabweranso, mwina chitavala nkhope ya m'bale wanu. Mudzanjenjemera, inde. Njenjemerani, koma musatembenuze. Dzukani, osataya mtima!