Kabotolo kamodzi ka magazi a achemwali

Chaka chimenecho ndinkakhala kwa achemwali anga ku Kawale, m'nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo. Chimfine chinawagwira m'nyengo yozizira, ife n'kumati ndi fumbi chabe. Tinawafunditsa nthunzi ya bulugamu, kuwamwetsa mandimu, koma mpweya unayamba kuwathawa mpaka anawagoneka kuchipatala chachikulu. Amayi anabwera kuchokera kumudzi ku Dowa kudzadwazika matenda.

Kenako mwendo wakumanzere wa achemwali unatupa, kutentha ngati mbatata yootcha. Adokotala anatiitanira pakhonde. Anati chimfine chikafika poipa chonchi magazi amatha kuundana m'mitsempha, ndipo choundanacho chikathothoka n'kukafika m'mapapo, munthu sachedwa kupita. Anati pali chizindikiro chimene chimaoneka m'magazi, chikapezeka chokwera ayamba kuwabaya jakisoni woletsa kuundanako, koma jakisoniyo sabaya mwachimbulimbuli. Ankangofuna kabotolo kamodzi.

"Dzana mwatenga, dzulo mwatenga," anatero Amayi. "Mukupita nawo kuti? Munthu wayera kale m'manja." Nthawi imeneyo mphekesera za opopa magazi zinali zisanazizire. "Za magazi a mwana uyu anene ndi mwini mbumba."

Mwini mbumba anali amalume, mlongo wawo wa Amayi, amene anali kumudzi akusankha fodya, foni alibe. Alamu anga, amuna awo a wodwalayo, anangoyang'ana pansi. Kwathu mkamwini amalipira lendi, koma pa za moyo wa mkazi wake amatseka pakamwa. Nditayesa kulankhula ine, Amayi anandifunsa ngati sukulu ndi imene inandibereka. Adokotala anafunsa achemwali eni ake. Iwo, kapaipi ka mpweya kali pamphuno, anayang'ana Amayi n'kunong'ona kuti, "Tidikire amalume."

Ndinaimba foni pagolosale ya kumsika wa kwathu kuti wina akawauze. Kenako kudikira. Mtima unkandiwawa, ndinkangozungulira pakhonde paja osadziwa womukalipira. Amayi sanakhale chabe ayi, ankathowa mwendowo ndi madzi otentha a m'fulasiki, kuukanda mwachikondi chonse. Namwino akawaletsa kuti angathothole choundana chija, ankavomera mwaulemu, akangotuluka iwo n'kuyambiranso.

Amalume anafika jekete likununkha fodya, chipewa m'manja. Anatipeza tikupinda zofunda. M'mawa wa tsiku lomwelo achemwali anali atadzuka kuti amwe phala, anagwira pachifuwa, basi zinathera pomwepo. Pabedi paja anali atagonekapo kale munthu wina.

Alamu anawafotokozera zonse. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa Amayi.

"Kabotolo kamodzi? Nanga zimenezo zinali zodikira ine? Ine za magazi ndizidziwira kuti?"

Amayi anatola fulasiki yawo n'kukataya madzi otsalawo panja.