Hatchi Yokana Madzi

Inu amene mukudzizunza ndi cholakwa chakale, tamvani za Wanda Tolliver.

Wanda anapha hatchi yake. Palibe njira yonenera mokoma. Unali mpikisano wa mahatchi wa mailosi 50 kwathu kuno m'chipululu cha Nevada, woyenera kutha pasanakwane maola khumi ndi awiri. Panjira pali malo opumira mokakamiza, ndipo kupumako kumadya maola omwewo. Chowawa n'chakuti sayamba kukuwerengera mpumulo mpaka mtima wa hatchi utatsika, uzigunda kosaposa ka 60 pa mphindi.

Poopa wotchi, Wanda anafika pamalo opumira ali pa liwiro la mtondo wadooka. Mtima wa hatchi sunatsike. Inagwa pafupi ndi madzi, ndipo dzuwa lisanalowe inali itafa.

Ndivomere, sitinamuchitire chifundo. Mayi wosesa zipinda mumotelo, wopanda mwamuna, wopanda mwana, tsopano anasowa ngakhale womupatsa moni. Tinkamuyang'ana cham'mbali.

Koma sanathawe. Zaka zinayi ankabwera kudzathandiza pamalo opumira, akumvetsera mitima ya mahatchi a eni. Apo ndi pomwe anaona kuti odziwa amatsika pahatchi akadali patali, n'kufika wapansi akukoka hatchi, mtima wake utatsika kale.

Tsiku lina mdala Orville Baskin, woweta ng'ombe, anamubwereka hatchi yake yaikazi.

"Ndi nkhalamba ngati ine," anatero. "Musaiphe, mayi. Ndilibe ina."

Tsiku la mpikisano kunatentha koopsa. Pamalo opumira omaliza Wanda anafika wapansi, dokotala wa ziweto anayeza hatchiyo n'kuilola kupitiriza. Mpumulo unatha kutatsala mailosi 12 ndi maola awiri okha. Koma hatchiyo inali isanamwe madzi.

"Mukudikiranso chiyani, Wanda?" anafunsa mayi wolemba nthawi. "Kapena tikuyalireni pogona?"

"Sinamwe."

"Adokotala aloleza. Mukachedwa apa simumaliza."

"Ndisamalize. Ina ija ndinaithamangitsa, mukudziwa komwe ili."

Anakhala pansi pafumbi atagwira ndowa, misozi ikutsika. Anzake anamudutsa mmodzimmodzi mpaka pamalopo panatsala iye yekha. Patapita mphindi makumi awiri hatchi inamiza mlomo mundowa, inamwa mpaka pansi.

Pa zitunda Wanda ankatsika n'kuthamanga pambali pake, mayi wa zaka 52, mapazi atatupa. Anafika atachedwa ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Lamulo ndi lamulo, dzina lake silinalembedwe pa omaliza. Ine ndinalipo, ndipo zinandiwawa.

Orville sanayang'ane wotchi. Anasisita hatchi yake pakhosi, anaionerera ikubudula udzu ndi njala ya nyama yathanzi.

"Mwezi wamawa kuli mpikisano wina," anatero. "Mudzaitengenso."

Ulendo umenewo Wanda anamaliza, ali wotsiriza. Lero wamaliza mipikisano yoposa makumi atatu, sanapambanepo ngakhale umodzi, ndipo palibe hatchi inadwalanso m'manja mwake. Ife omwe tinkamuzemba timamufunsa nzeru. Saseka kawirikawiri, chilonda chija sichinapole.

Inunso mwina chimene munawononga sichidzabwerera. Lirani ndithu, koma musabisale. Bwererani pamalo pomwe munagwera, phunzirani, ndipo akakupatsaninso mwayi muusamale, ngakhale mufike mochedwa. Osataya mtima.