A Blackson ndi Utsi wa pa Michiru

Malemu a Blackson, amene tinawaika m'manda chaka chathachi, anali munthu wa pikapu. Ku Chilomoni kuno ukafunsa kuti a Blackson ndi ati, anthu sankatchula mpingo wawo kapena kwawo, ankangoti, "Aja a pikapu yoyera ya chitseko chabuluu aja." Chitsekocho anachigula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande ndipo sanachipente. Ankati penti siyendetsa galimoto.

Makolo awo anachokera ku Mozambiki, kudzera ku Mulanje, iwo n'kudzabadwira m'tauni muno. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba ndi kutsuka magalimoto ku Limbe, kenako kukweza katundu pa lole ya sitolo ina, mpaka dalaivala wa loleyo anawakonda n'kuwaphunzitsa kuyendetsa. Atasiya ntchito kumeneko ndi pamene anagula pikapu yakale ija. Ankanyamula chilichonse, njerwa, makala, katundu wa anthu osamuka nyumba, koma makamaka mabedi ndi makabati a akalipentala a ku Chirimba.

Tsiku lawo linkayamba chimodzimodzi. Akazi awo a Anastasia akamasesa pabwalo, iwo ankatuluka ndi kapu ya tiyi ndi kansanza kopukutira galasi. Galimoto inkagona itayang'ana kumunsi, mwala kutayala, kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira yokha. Tsidya la msewu, nthawi yomweyo, Che Hafizi atelala amakhala akutulutsa makina awo pakhonde. Che Hafizi anali ndi kanjinga kamoto kamene ankakakonda ngati mwana.

"Mwadzuka bwanji aneba?"

"Tadzuka, kaya inu Che Hafizi. Lero phiri lavala chipewa. Musayanike nsalu za eni panja."

"Aaa, chipewa chabodza chimenecho. Dzuwa likangokwera chivulidwa."

"Tiona."

Phiri lake ndi la Michiru. Akamaliza kukangana za phiri ankalowa za petulo.

"Kanjinga kangaka dzulo ndapita nako ku Bangwe n'kubwerako, kangonyambita basi."

"Kanyamula chiyani kanjinga kanuko? Inuyo ndi singano. Yangayi yakwera ku Machinjiri ndi kabati ndi mabedi, koma kasingano ka mafuta sikanagwedezeke."

"Kanafa kalekale kasingano kameneko, aneba."

Amaseka, aliyense n'kuyamba zake. Zaka ndi zaka nkhani yake inali yomweyi, ndipo palibe anatopa nayo. A Anastasia ankati anthu awiriwa akanakhala wailesi bwenzi atathimitsa.

Koma pa za mafuta a Blackson sankanama. Anali ndi phazi lopepuka. Potsika chitunda ankachotsa giya n'kuzimitsa injini, galimoto izitsika yokha phee, anthu n'kumangomva matayala ndi kulira kwa mabedi kumbuyo. Ngakhale nthawi imene mafuta ankasowa, anzawo atafola pa mizere yaitali, iwo ankayendabe ndi kochepa kamene apeza. Chimenechi ndiye chinali kunyada kwawo. Nyumba inali yaing'ono, suti anali nayo imodzi, koma akakhala pa chiwongolero ankadziona kuti ndi munthu.

Vuto linayamba chaka china mu Juni. Chiperoni chinabwera monga mwa masiku onse, kamvula kowaza, chifunga mpaka pakhomo. Chitapita, kwa a Blackson sichinapite chonse. Phiri linkaoneka ngati lili kuseri kwa katani. Anati ndi fumbi la mu Ogasiti. Litafika dzuwa la Okutobala anati ndi utsi wa anthu otentha tchire, ndipo utsi unalipodi, aliyense ankauona. Ankapukuta galasi la kutsogolo, kupukutanso, mpaka kansanza kutha. Tsiku lina pothira petulo anayang'ana manambala a pa pampu, osawaona. Anatikita maso, osawaonabe. Pamenepo anadziwa kuti chifungacho chili m'maso mwawo.

Sanauze munthu. Ankawadziwa madalaivala anzawo amene anasiya chiwongolero, mmene ankakhalira pa bawo tsiku lonse, kumafota pang'onopang'ono ngati masamba a mpiru padzuwa, anthu n'kumawadutsa osawapatsa moni. Iwo sankafuna zimenezo. Ankati misewu ya Blantyre ndimaidziwa ndi thupi, dzenje lililonse ndimalidziwa, ndiyendabe.

Ndiye anasintha kayendetsedwe. Zozimitsa injini potsika anasiya, ankaopa. Ankayenda pa giya yachiwiri, phazi pa buleki, hutala pafupipafupi, ndipo akapeza minibasi kutsogolo ankaikakamira kumbuyo kuti iziwatsogolera. Galimoto inayamba kumwa mafuta ngati ya munthu wina.

"Petulo wa masiku ano ngwamadzi, Che Hafizi. Ukathira m'mawa, masana wauma."

"Ine kangaka sikakudandaula."

"Kanuko kangamwe ndi tiyi yemwe."

Za phiri anasinthanso. Kale ankayamba ndi iwo kulamula nyengo. Tsopano ankafunsa. "Lero mwaliona bwanji phiri, aneba?" Che Hafizi akayankha, iwo n'kumangovomera. Che Hafizi poyamba anakondwa, ankayesa kuti mnzawo wagonja. Koma mkangano wopanda wotsutsa sukoma, ndipo anayamba kuwayang'anitsitsa.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, masana, yamphamvu, ngalande zonse kusefukira. Kutacha kunja kunali kotsukidwa. Dothi likununkhira, mapiko a ngumbi ali mbwee pabwalo, malata akuwala. A Blackson anatuluka ndi tiyi wawo mtima uli myaa chifukwa cha kafungo kaja, mpaka anaiwala kufunsa. Anayang'ana kuphiri n'kuyamba okha ngati kale.

"Mvula yonse ija, utsi osachoka pa Michiru! Anthu otentha tchirewa atipha, Che Hafizi."

Che Hafizi anaika pansi nsalu imene anagwira, n'kuwoloka msewu, chinthu chimene sankachita m'mawa. Anapatsa moni a Anastasia, kenako anatsegula chitseko chabuluu chija.

"Aneba, talowani muno ticheze. Kunjaku kuli makutu."

Analowa, n'kutseka.

"Phiri lili mbee," anatero Che Hafizi motsitsa mawu. "Ndikuona mtengo uliwonse. Utsi kulibe."

A Blackson anangogwira chiwongolero.

"Ndipo petulo alibe mlandu. Mukuyenda ngati mwanyamula maliro, galimoto ileke kumwa? Sabata yatha ndinakupitirirani pa njinga pafupi ndi msika, ndinakweza dzanja, ndinaimba hutala. Munandiyang'ana ngati ndine mtengo wa magetsi."

"Dzuwa linandithobwa."

"Kunali mitambo, achimwene."

Panja a Anastasia ankangosesa malo amodzimodzi.

"Ndiye mukufuna ndizikhala pakhonde ngati inuyo?" anatero a Blackson.

"Pakhonde palibe choipa, kungoti langali ladzaza ndi makina. Koma msewu uwu mumadutsa ana a sukulu. Adzukulu anga, adzukulu anu. Ine sindiuza munthu. Mukanene nokha."

Anatuluka n'kubwerera ku makina awo. A Blackson anatsala m'galimoto mpaka tiyi anazizira. Tsiku limenelo mwala sunachoke kutayala. Atalowa m'nyumba anakhala pa mpando n'kunena zonse, maso ali pansi.

A Anastasia anati, "Bambo a Olivia, ine ndinadziwa tsiku lija munapatsa moni mtengo wa papaya. Ndimangopemphera kuti munene musanagunde munthu."

Anaseka onse awiri, kenako mayiwo analira pang'ono.

Kuchipatala anati ndi ng'ala, ndipo diso limodzi analikonza. Zinathandiza ndithu, ankatha kuyenda okha ndi kuzindikira nkhope ya munthu akayandikira. Koma anapezanso kuti matenda a shuga anali atawononga kale mkati. Adokotala ananena mosabisa kuti kuyenda yendani, koma kuyendetsa galimoto ayi.

Masabata amenewo anali ovuta. Ogula anayamba kubwera, kumazungulira pikapu, kumenya matayala ndi phazi. A Blackson ankawabweza onse. M'mawa ankatulukabe kukapukuta galasi la galimoto yosapita kulikonse, ndipo Che Hafizi akatchula za petulo iwo ankangobwerera m'nyumba. Anayamba kuonda.

Amene anadula nkhaniyi ndi Olivia, mwana wawo woyamba, mayi wa ana kale, amene ankagulitsa kaunjika mumsika. Layisensi anali nayo kuyambira nthawi imene mwamuna wake anali ndi minibasi. Anabwera m'mawa wina atavala jini ndi nsapato zotseka, chitenje m'chiuno.

"Adadi, makiyi."

"Ukatani nawo?"

"Kaunjika sakuyenda, galimoto ikuchita dzimbiri, inu mukuuma. Tiyeni ku Chirimba."

"Mzimayi pa pikapu ya katundu? Akalipentala aja akatiseka."

"Akaseka akatopa. Ine misewu yamkati sindiidziwa, mitengo ya katundu sindiidziwa, kumanga zingwe sindidziwa. Mukhala pambali pangapa."

A Anastasia anali atabweretsa kale jekete. A Blackson anazungulira galimoto, kwa nthawi yoyamba n'kukalowera mbali ya apasenjala. Mpando wake unali wolimba, wosazolowera thupi lawo. Phazi linkangoponda pansi kufuna buleki pamene palibe. Njira yonse mumtima ankangoona nkhope za akalipentala, anthu amene anagwira nawo ntchito zaka zonsezi, akuwayang'ana ndi chisoni. Kusekedwa ankatha kupirira. Chisoni ndicho ankachiopa.

Atafika pa mashedi a akalipentala, macheka anaima. Woyamba kutuluka anali Chrispin, kalipentala wa pakamwa kwambiri pa Chirimba ponse, pensulo kukhutu, utuchi pa kapusi. Anayang'ana Olivia, n'kuyang'ana a Blackson.

"Iii mdala! Tinamva kuti mwadwala. Nanga lero mwakhala kwa apasenjala? Boma lalandidwa?"

Anzake anayandikira kuti amve. A Blackson anatsitsa galasi pang'onopang'ono, n'kutulutsa chigongono pawindo.

"Iwe Chrispin, unayamba waonapo bwana akudziyendetsa yekha? Ndakwezedwa pa ntchito. Dalaivala wanga ndi uyu. Za mtengo ulankhule ndi ine, ndipo uyambe wavula chipewa."

Mashedi onse anaphulika ndi phwete. Chrispin anavuladi kapusi yake n'kugwada mwachipongwe.

"Pepani bwana! Pali mabedi awiri ndi kabati, apite ku Zingwangwa. Ena aja anatiswera galasi la kabati sabata yatha, sadziwa kumanga."

A Blackson anatsika. Anayendetsa manja pa kabati, n'kulamula kuti bedi ili ligone chonchi, ili liime, makatoni alowe pakati. Chingwe anamanga okha, mfundo zawo zija zosasuntha ngakhale pa mabampu. Manja sanafunse maso. Pobwerera m'galimoto anakhala bwinobwino, n'kuuza Olivia kuti akhotere kumanzere pa chigayo, kuli njira yachidule.

Kuyambira tsiku limenelo mpando umenewo unakhala wawo. Anthu anayamba kuwaitana kuti Bwana, ku Chirimba, ku Ndirande, ngakhale kutchalitchi, ndipo iwo ankavomera ndi mtima wonse. Thupi linabwerera. Ankatsika pa malo alionse kukamba mtengo, kuseka ndi anthu, kudya chinangwa chootcha pamene katundu akukwezedwa. Ankauza aliyense kuti akanadziwa kuti ubwana umakoma chonchi akanauyamba kale.

Anayenda choncho zaka zingapo, mpaka shuga uja anawagoneka. Sanadwale nthawi yaitali. Ali m'chipatala, Olivia atabwera kudzawaona masana, anamufunsa kuti wasiya galimoto ndi ndani. Iye anati yaima panja, lero sagwira ntchito.

"Bwana akagona ntchito siima," anatero. "Pita, Chrispin akudikira."

Olivia anawakonzera bulangete, n'kupita kukanyamula mabedi.