Tsiku limene ndinalanda mpira m'manja mwa mwana wanga

Ine mpira wa manja ndinkati ndimaudziwa. Ndili ku pulayimale ndinasewera ntchemberembaye mpaka Sitandade 7 pamene ndinalekezera sukulu, ndipo ndinali wotchinga woopsa ndithu. Malamulo ake anandilowa m'magazi. Ukawakha mpira umaima pomwepo, suyenda nawo. Mnzako akaugwira sumulanda m'manja, umaima pataliko n'kukweza mikono. Aliyense ali ndi chigawo chake, sadumpha mzere. Aphunzitsi athu ankatikalipira kuti mwana wotsomphola mpira m'manja mwa mnzake ndi wopanda khalidwe, ndipo ine ndinakula ndikukhulupirira zimenezo.

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, Mulungu anamupatsa msinkhu. Ali Fomu 1 ankawerama kale polowa pakhomo la nyumba yathu kuno kumunsi kwa Michesi. Anapita ku Blantyre kukakhala ndi mlongo wanga kuti akaphunzire, ndipo kumeneko mayi wina wophunzitsa masewero anamuona pamsewu n'kumutengera ku timu yake. Pafoni ankandiuza kuti, "Amayi, ndikusewera basiketibolo." Ine ndinkangoti ndi dzina la m'tauni la ntchemberembaye yomweyi. Ankanditumizira zithunzi, ndikuona mpira, mtengo wokhala ndi mkombero pamwamba, atsikana atakweza mikono. Nanga pachithunzi munthu amathamanga? Ndinkangothokoza Ambuye, chifukwa timu imeneyo ndi imene inamulipirira sukulu mpaka ku koleji, ine ndili ndi kamunda ka nandolo basi.

Tsiku lina anaimba foni ali ndi chimwemwe. Anati amusankha kukhala kaputeni, ndipo timu yawo ibwera ku Phalombe kudzasewera ndi timu ina ya ku Zomba, pabwalo la simenti la sukulu ina ya sekondale pafupi ndi boma, kuti atsikana akuno aone masewerowo. Kenako anati, "Tikatha tibwera kudzadya kwathu, timu yonse. Muphike kalongonda." Mwana uyu chipitireni m'tauni anali asanabweretsepo mnzake ndi mmodzi yemwe pakhomo pano, ndipo ine ndinkadzifunsa chamumtima ngati sachita manyazi ndi nyumba ya udzu ndi mayi wake wa Chichewa chopindika. Ndinagwada n'kuti, Atate, zikomo, mwana akundionetsa kwa anzake.

Kalongonda, nyemba zathu zakuno, safuna changu. Ndinamuika pamoto dzulo lake, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Ndinagula mpunga wa ku Chilwa, ndinapha atambala awiri, ndinafulula thobwa. Mbale ndinabwereka kwa amayi anzanga a kutchalitchi, ndipo onsewo ndinawaitana kukaonera. Tinapita titavala zitenje zofanana ngati tikupita ku ukwati, tinakhala kutsogolo penipeni.

Atsikana atalowa m'bwalo ndinamuona mwana wanga ali patsogolo, ndipo misozi inalengeza. Zovala zawo ndinaziona kuti ndi makabudula, koma ndinadziletsa, ndinati za m'tauni izi. Woyimbira anaponya mpira m'mwamba, masewero n'kuyamba.

Sipanapite nthawi. Mtsikana wa ku Zomba anagwira mpira, ndipo mwana wanga anamuthamangira n'kuumenya mpirawo kuuchotsa m'manja mwake. Anayamba kuthamanga nawo akuunjanjitsa pansi, kudumpha mizere yonse, mpaka kukagoletsa mbali inayo. Anthu anakuwa. Ine ndinadikira wezulo, koma sinalire. Mnzanga amene timakhala benchi limodzi kutchalitchi anandigwira pabondo nati, "Asisi, si kuba kumeneku?" Ndinati mwina woyimbira sanaone. Mwana wanga anachitanso kachiwiri, anthu n'kukuwanso. Apa ndinaganiza kuti woyimbirayo akumusiyira dala chifukwa ndi mwana wakuno, ndipo anthu akumuchemerera pa chinyengo. Amayi anzanga onse anali akundiyang'ana. Kachitatu mwanayo anakankhana ndi mtsikana wamfupi, wamfupiyo n'kugwa chagada.

Mmene ndinadzukira sindikukumbuka bwino. Ndinangopezeka ndili pakati pa bwalo, chitenje ndamanga m'chiuno, ndikumuitana mwana wanga ndi dzina la paubwana limene timamutchula pakhomo pokha. Anaima, kukamwa yasa. Ndinamulanda mpirawo, ndinapita kwa mtsikana anagwayo n'kumupatsa ndi manja awiri. Ndinati, "Pepani mwanawe, sindinamulere chonchi ayi." Ndinatembenukiranso kwa woyimbira n'kuti, "Inunso bambo, wezulo imeneyo mwaipachika m'khosi ngati mkanda?"

Kenako kuseka kunaphulika, kwa ana asukulu, kwa akabaza, ngakhale kwa akuluakulu a ku maofesi amene anakhala pamipando. Mafoni anali m'mwamba, akundijambula. Woyimbira anabwera akudziletsa kuseka, nati mwaulemu, "Amayi, awa si masewero a ntchemberembaye. Kuno kulanda mpira n'kololedwa, kuthamanga nawo n'kololedwa. Mwana wanuyu sanalakwe, ndiye akusewera bwino kuposa onse." Ndinayang'ana mwana wanga. Iye sanaseke. Anangoyang'ana pansi.

Ambuye, bwalo lija linatalika potuluka. Sindinabwerere pamalo panga. Ndinadutsa kuseri kwa makalasi, ndinakana kabaza, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba nkhope nditaphimba ndi mpango. Nditafika ndinakhala m'khitchini pakati pa miphika ija. Ndinayesa kupemphera koma mawu sankabwera, ndinkangoti, Atate, mwaona. Si kuseka kwa anthu kumene kunkandiwawa kwambiri. Mwana anandiitana kuti anzake amuone ali ndi mayi, ine n'kukamuvula pamaso pa boma lonse, n'kumunena kuti ndi wakuba. Ndinadziwa kuti sabwera nawo, ndipo mwina sadzabweretsanso munthu pano.

Mnzanga uja anafika dzuwa litapendeka. Anati, "Asisi, agonja. Chichokereni inu mwana sanagoletsenso, mpira umangomupulumuka." Anafunsa ngati ayambe kutenga mbale zake. Ndinati tengani. Anali atasonkhanitsa kale zingapo pamene tinamva minibasi ikulimbana ndi miyala ya kanjira kathu.

Anatsika atsikana ataliatali, akuwerama pansi pa nthambi za mango. Woyamba kundifikira anali mphunzitsi wawo, mayi wa imvi pang'ono, wovala nsapato za masewero. Ndinafuna kugwada kuti ndipepese koma anandigwira mikono. Anati, "Amayi, musatero. Mukudziwa mmene timu iyi inayambira? Ndinatola atsikana a ntchemberembaye okhaokha. Tinkasewera pamalo oimikapo magalimoto, mkombero wake unali limu ya njinga yokhomera pathabwa. Akawakha mpira ankaima njo ngati awaponda phazi. Ndikakuwa kuti thamanga, ankandiyankha kuti, 'Aphunzitsi, n'kulakwa!' Wina analandapo mpira n'kupepesa, n'kuubweza."

Atsikana anaseka, wina nati, "Mwana wanutu ameneyo, amayi!"

Tikuyala mikeka mphunzitsiyo anapitiriza kundifotokozera. Anati poyamba ankagonja masewero alionse, ndipo bwalo lenileni ankabwerekedwa amuna akatopa. Kenako anatenga chikho cha mumzinda, pambuyo pake cha dziko lonse, mpaka anawoloka malire kukasewera ku Mozambiki, kwawo kwa agogo athu. Lero kuli kampani imene imawalipira, ndipo ena mwa atsikana oyamba aja ndi anamwino ndi aphunzitsi. Zonsezi mwana wanga ayenera kuti anandiuzapo pafoni, koma ine ndinkamva ndi khutu la ntchemberembaye. Ndinachita manyazi ena atsopano, kuti zaka zonsezi ndinkapempherera ntchito ya mwana wanga osaidziwa n'komwe.

Koma mwana wangayo sanatsike nawo anzake. Anali atakhala kumpando wakumbuyo kwa minibasi, mutu atatsamiritsa pagalasi. Ndinasiya alendo akusamba m'manja, ndinapita kukaima pawindo.

Ndinati, "Mwanawe."

Anati, "Amayi, mwandichititsa manyazi."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa ayi. Kanema uja wafika kale ku Blantyre. Ndiye dzina lija! Anzanga samalidziwa dzina lija. Njira yonse akhala akundiitana lomwelo."

Ndinati, "Ndinkaona ngati ukuba."

"Ine? Kuba pamaso panu?"

Ndinangogwira chitseko cha galimoto, misozi ikutsika. Kenako ndinati, "Ndinkaganiza kuti subwera nawo."

Anapuma mozama. Anati, "Adalaivala anafunsa kuti tilunjike ku Blantyre kapena bwanji. Onse anayang'ana ine. Ndinakhala chete mpaka pamphambano." Anapukuta m'maso ndi jezi yake. "Ndiye ndinati khotani. Kwathu n'kuno, mayi anga ndi omwewo mwawaonawo."

Anatsika, n'kundidutsa osandikumbatira, mkwiyo unali usanathe. Koma atafika pamkeka anawomba m'manja kuti anzake akhale chete, nati, "Tisanadye, amayi atipempherere." Mtsikana wina wanthabwala anati, "Bisani mipira kaye!" Onse anagwa nako kuseka, ndipo mwana wanga naye anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. Ndinapemphera. Ndinathokoza chifukwa cha ulendo wawo, chifukwa cha mayi amene anatola ana a eni n'kuwasandutsa anthu, ndipo ndinapempha kuti mtsikana wa ku Zomba anagwa uja asakhale kuti wavulala.

Kalongonda ena ankamuona koyamba. Ankafunsa kuti nyemba zanji zazikulu chonchi, ndipo mwana wanga ndi amene ankawafotokozera kaphikidwe kake, akuloza khitchini yathu yamwaye ndi dzanja, osabisa kanthu. Ine ndinakhala pambali ndikuwonjezera thobwa m'makapu. Maso awo ndinkawapewabe, ndipo kunena zoona mpaka lero ndikamadutsa pa sukulu ija ndimafulumiza miyendo.

Pokwera galimoto mwana wanga anatsalira m'mbuyo. Anati, "Mwezi wamawa tili ndi masewero a chikho ku Blantyre. Mubwere. Koma mukakhala pafupi ndi aphunzitsi, ndipo chilichonse chimene simukuchimvetsa mukafunse iwowo."

Ndinati, "Ndikatseka pakamwa."

Anati, "Ayi, mukakuwe. Kungoti mukakuwire timu yathu."